Kolorini Salakwa, Cholakwika ndi Muyezo

Omvera athu a ku Mandimba, Ngauma, Mecanhelas, Metangula, Cóbuè ndi midzi yonse ya m'malire, osaiwalanso abale athu a tsidya linalo ku Chiponde, Namwera, Nayuchi ndi Likoma, mwezi uno tikambirane za mankhwala amene ena mwa inu mumawaopa mopitirira, pomwe ena mumawaderera mopitiriranso. Mankhwalawa ndi kolorini, amene pa Chipwitikizi amati cloro.

Mwina mudabwa tikakuuzani kuti nkhaniyi ikuyambira pa maiwe osambiramo a kumahotela. Mufunsa kuti, kodi zimenezo zikutikhudza bwanji ife amene timasamba kumtsinje, kunyanja kapena m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba? Zikutikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene amasamalira maiwe amenewa ndi ana athu omwe. Ena ali m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ena ku Nampula ndi ku Maputo, ndipo ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town kumene amagwira ntchito ya m'gadeni, dziwe la bwana n'kukhala gawo la ntchitoyo. Chachiwiri, ufa woyera umene amathira m'maiwewo, wodziwika ndi dzina loti HTH, ndi wa mtundu womwewo umene a zaumoyo amabwera nawo kumudzi kolera ikabuka.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa. Kolorini akathiridwa pa muyezo wake amapulumutsa mudzi. Akagwiritsidwa ntchito mwachisawawa amawotcha khungu, amaononga maso, amatsamwitsa. Amene amakana kolorini ndi amene amamutapa ndi manja onse akulakwitsa mofanana, chifukwa onse awiri sanafunse za muyezo.

Kodi kolorini ndi chiyani?

Kolorini weniweni ndi mpweya wobiriwira motuwira, wonunkha kwambiri ndiponso wolemera kuposa mpweya umene timapumawu. Katswiri wina wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye anaupeza m'chaka cha 1774. Mbiri ya mpweya umenewu ili ndi nkhope ziwiri. Mu April 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali a Germany anaugwiritsa ntchito ngati chida ku Ypres m'dziko la Belgium, ndipo anthu ambiri anafa chifukwa chobanika. Koma kale zimenezi zisanachitike, m'chaka cha 1847, dokotala wina wa ku Vienna dzina lake Ignaz Semmelweis analamula madokotala anzake kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire amayi oyembekezera, ndipo imfa za amayi pobereka zinatsika kwambiri m'chipatala chimenecho. M'chaka cha 1908 mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira kolorini m'madzi a m'mipope tsiku ndi tsiku, ndipo mizinda ina inatengera. Kuyambira pamenepo matenda a taifodi ndi kolera anayamba kuchepa m'mizinda imeneyo.

Masiku ano kolorini amatifikira m'njira zosiyanasiyana. Alipo wamadzi wochapira zovala, amene kuno timati Javel ndipo ku Malawi amati Jik. Alipo wamadzi wothira m'madzi akumwa, monga Certeza amene anayamba kugulitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 2004, ndi WaterGuard amene anafika ku Malawi m'chaka cha 2002. Alipo wa mapiritsi ang'onoang'ono a madzi akumwa. Ndiye palinso ufa uja wa HTH, umene ndi wamphamvu kuposa onsewa, pakuti magawo 65 mpaka 70 pa 100 alionse a ufawo ndi kolorini.

Kolorini amapha tizilombo toyambitsa matenda poononga kachikopa kamene kamatikuta, ndipo kachilomboko kamafa. Koma mankhwalawa alibe maso. Sadziwa kusiyanitsa kachilombo ka kolera ndi diso la mwana wanu. Chimene chimasiyanitsa n'chakuti kachilomboko ndi kakang'ono kwambiri moti kamafa ndi kolorini wochepetsetsa amene thupi la munthu silimumva n'komwe.

Mchere wa m'ndiwo

Mayi aliyense amadziwa kuti kamchere kotsina ndi zala kamakometsa ndiwo, koma mchere wodzaza mbale umaononga mphika wonse. Kolorini ali chimodzimodzi. Taonani miyezo iyi. Galamu imodzi ikagawidwa pa 1,000, kagawo kamodzi ndiko timati miligalamu.

Madzi akumwa amafunika kutsala ndi kolorini wokwana miligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita imodzi, pakatha mphindi 30 chithirireni mankhwala. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 5 pa lita.

Madzi a dziwe losambiramo amafunika mamiligalamu apakati pa 1 ndi 3 pa lita.

Madzi osamba m'manja pa msasa wa odwala kolera amakhala ndi mamiligalamu 500 pa lita.

Madzi okolopera pansi ndi kutsukira mabedi pa msasa womwewo amakhala ndi mamiligalamu 2,000 pa lita.

Madzi othira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala, komanso osambitsira thupi la munthu amene wamwalira ndi kolera, amakhala ndi mamiligalamu 20,000 pa lita.

Onse amenewa timangowatcha kuti madzi a kolorini, ndipo mukawayang'ana m'ndowa amaoneka pafupifupi mofanana. Komatu madzi osamba m'manja aja ndi amphamvu kuwirikiza ka 1,000 kuyerekeza ndi madzi akumwa. Sipuni imodzi yaikulu ya ufa wa HTH, imene imalemera pafupifupi magalamu 15, ikathiridwa m'chigubu cha malita 20, madziwo asanduka osamba m'manja, si akumwanso ayi. Sipuni yomweyo, itayezedwa bwino ndi odziwa ntchito, ingathe kuteteza madzi oyera okwana zigubu pafupifupi 250. Apa ndi pamene mungaone kuti munthu wongotapa ufa ndi maso n'kuponya m'chidebe cha madzi akumwa akuseweretsa moyo wa banja lake.

Chimene chimafiiritsa maso m'dziwe

Anthu ambiri amene anasambirapo m'dziwe la kuhotela amatuluka maso ali psu, khungu likuyabwa, ndipo amati eni ake athira mankhwala ambiri. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala litsiro la osambirawo. Kolorini akakumana ndi thukuta, mkodzo ndi mafuta odzola, amasakanikirana nazo n'kupanga mankhwala ena atsopano. Mankhwala atsopanowo ndi amene amanunkha kwambiri, amalasa m'maso, amayabwitsa khungu ndi kukhosomoletsa, makamaka anthu a mphumu. Kuonjezera apo, kolorini amene wathera pa litsirolo sangathenso kupha tizilombo. Choncho dziwe lonunkha kwambiri mankhwala musaliyese laukhondo. Dziwe losamalidwa bwino limangomveka kafungo pang'ono, ndipo pansi pake pamaoneka bwinobwino.

Chinthu china chimene chimapweteka maso ndi kuwawasa kwa madzi, kumene akatswiri amakuyeza ndi muyezo wotchedwa pH. Misozi ya munthu ili pafupi ndi 7.4 pa muyezo umenewu, ndipo madzi a dziwe amafunika kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8. Akatsika kwambiri amalasa m'maso, ndipo akakwera kwambiri kolorini amafooka. Ichi ndi chifukwa chake osamalira maiwe amasunga mankhwala achiwiri, asidi, woti azitsitsira muyezowo. Tibwereranso kwa asidi ameneyu chifukwa ngozi zambiri zimachokera pa iyeyu.

Tsono ngati mwana wanu wapita ndi anzake a kusukulu kukasambira m'tauni, mulangizeni izi: asambe thupi lonse asanalowe m'dziwe, asakodzeremo, asameze madziwo, ndipo akatuluka asambenso ndi madzi abwino n'kutsuka kumaso. Munthu amene akutsegula m'mimba asalowe m'dziwe. Pali kachilombo kena kotsegulitsa m'mimba, kotchedwa Cryptosporidium, kamene kamatha kukhala ndi moyo kupitirira sabata imodzi ngakhale m'dziwe lothiridwa bwino mankhwala.

Ndipo musaganize kuti nyanja yathu ndi madambo athu ndi abwino kuposa dziwe chifukwa choti mulibe mankhwala. M'madzi odekha a m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, Chiuta ndi Amaramba mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboto timalowa pakhungu popanda bala. M'dziwe lothiridwa kolorini moyenera likodzo mulibe. Mwana akayamba kukodza magazi, pitani naye kuchipatala. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.

Kwa inu amene mumagwira ntchito ya maiwe

Mawu awa apite kwa anyamata ndi abambo amene mumasamalira maiwe, ndipo makolo amene muli ndi ana ku Joni muwawerengere pa foni. Ambiri mwa inu munaphunzira ntchitoyi pongoonera mnzanu, popanda wina wokufotokozerani kuopsa kwa zimene mukugwira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Musasakanize ufa wa kolorini ndi asidi, ngakhale pang'ono pokha. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya uja unapha asilikali ku Ypres. Musagwiritse ntchito ndowa imodzi kapena kapu imodzi pa mankhwala onse awiri, ndipo musawathire m'dziwe nthawi imodzi kapena pamalo amodzi. Musasakanizenso ufa wa HTH ndi mapiritsi akuluakulu aja amene amayandama m'dziwe. Ngakhale zonse ndi kolorini, mitundu yake ndi yosiyana, ndipo zikakumana m'chidebe chonyowa zimatha kuyaka kapena kuphulika.

Posungunula, yambani kuthira madzi m'ndowa, kenako ufa pamwamba pake pang'onopang'ono. Mukayamba ndi ufa n'kuthirapo madzi, mankhwalawo amatentha n'kukuthovukirani kumaso. Ndowa ikhale ya pulasitiki chifukwa kolorini amadya chitsulo. Sipuni yotapira ikhale youma. Tsegulani chidebe muli panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, ndipo nkhope musaiweramitsire m'chidebemo. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Sungani ufawo pamalo ouma, a mthunzi, kutali ndi petulo, parafini, oilo ndi feteleza, chifukwa ukakhudzana ndi zinthu zimenezi moto umatha kubuka wokha.

Ife tikuti bwana amene ali ndi ndalama zomangira dziwe sangasowe ndalama ya magolovesi ndi magalasi. Tikudziwa kuti kupempha n'kovuta, makamaka kwa munthu amene ali m'dziko la eni ndipo mapepala ake sali bwino. Koma pemphani ndithu, mwaulemu. Ntchito ikatha mutha kupeza ina, koma diso likafa palibe sitolo imene mungakaligule.

Chinthu china chimene tikukupemphani n'chakuti musamatapeko mankhwala a kuntchito n'kubwera nawo kumudzi m'kabotolo kopanda dzina. Cholinga chanu chimakhala chabwino, mukufuna amayi anu azimwa madzi otetezeka. Koma ufa woyera m'pepala la pulasitiki umafanana ndi mchere, shuga kapena soda wophikira therere, ndipo mankhwala amadzi m'botolo la zakumwa mwana amawayesa zakumwa. Komanso mankhwala ena a m'maiwe, makamaka mapiritsi akuluakulu aja, sanapangidwire madzi akumwa, ndipo ena amasakanizidwa ndi mankhwala ophera ndere. Ngati mukufuna kuthandiza kwanu, atumizireni ndalama agule Certeza kapena WaterGuard, amene muyezo wake unalembedwa pa botolo.

Malamulo omwewa akugwiranso ntchito m'nyumba zathu. Amayi, musasakanize Javel ndi viniga, madzi a m'batire kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi poganiza kuti ayeretsa kwambiri. Musathirenso Javel wosasungunula m'chidebe chimene muli mkodzo muli m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya umene umatuluka umalasa m'maso ndi pachifuwa.

Ngozi ikachitika

Mankhwala akagwera m'diso, musayambe ndi kufunafuna njinga yopitira kuchipatala. Yambani ndi madzi. Tsegulani chikope ndi zala, pendeketsani mutu kuti diso lovulalalo likhale m'munsi, ndipo thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Musatikite disolo. Mukatha kutsuka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ululu utachepa, chifukwa mankhwala a mtundu umenewu amapitiriza kudya mkati mwa diso. Ngati chipatala chaching'ono sichingathe, akutumizani ku Hospital Provincial de Lichinga, ku Cuamba, kapena ku Mangochi kwa inu a tsidya linalo.

Musathire m'diso mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a mandimu, mchere, shuga kapena madzi a masamba. Tikumbukire zimene zinachitika m'chaka cha 2024, pamene matenda a maso ofiira anafala ku Nampula, ku Zambézia ndi m'maboma ena a ku Malawi monga Karonga. Matendawo nthawi zambiri amatha okha pakapita masiku, koma a zaumoyo anachenjeza mobwerezabwereza chifukwa anthu ena anaononga maso awo ndi zinthu zimene ankathiramo kunyumba. Diso silifuna zoyeserera.

Mankhwala akagwera pakhungu, vulani chovala chimene chanyowa ndipo tsukani pamalopo ndi madzi ambiri. Musapakepo mafuta. Mwana akamwa mankhwala, musamusanzitse, chifukwa mankhwalawo amawotchanso pakhosi pobwerera. Mutsukeni m'kamwa, mum'mwetse madzi pang'ono ngati akutha kumeza, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo limene wamwamo kuti adokotala aone. Munthu akapuma mpweya wa kolorini, mutulutseni panja pamene pakupita mphepo, akhale tsonga. Musamugoneke pansi m'chipinda chomwecho chifukwa mpweya umenewu umakhazikika m'munsi. Ngati akubanika kapena kukhosomola kosalekeza, apite kuchipatala.

Cloro si cólera

Tanena zambiri za kuopsa kwa kolorini, ndipo mwina wina akuti, mwaona, si zija tinkanena zija kuti mankhwala amenewa ndi poizoni? Apa ndi pamene tikufuna mutimvetsetse, chifukwa kukana kolorini kwapha anthu ambiri m'dziko muno kuposa ngozi zonse tatchulazi.

Kolera ya chaka cha 2022 sitinaiiwale. Ku Malawi inayambira m'boma la Machinga mu March chaka chimenecho, ndipo pofika m'chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kuno ku Mozambique mliriwo unayambira m'chigawo chathu chomwe chino, m'boma la Lago, mu September 2022, kenako unafika ku Lichinga ndi m'zigawo zina, ndipo unakula namondwe wa Freddy atadutsa m'chaka cha 2023. Tizilombo ta kolera sitifunsa chiphaso pa Mandimba kapena pa Entre Lagos. Timayenda ndi madzi, ndi chakudya, ndi manja osasamba, pa msika, pa maliro ndi pa doko la asodzi. Ndipo mwa tizilombo tonse ta m'madzi, ta kolera ndi tina mwa timene timafa msanga ndi kolorini.

Tsoka lake n'lakuti pa Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka ngati apachibale, ndipo a zaumoyo amabwera ndi cloro pa nthawi yomweyo imene cólera yafika. Motero mphekesera imabadwa yakuti obweretsa mankhwala ndi amene abweretsa matenda. M'chaka cha 2009, m'boma la Mogincual ku Nampula, anthu ongodzipereka a bungwe la Cruz Vermelha anaukiridwa ndipo ena anaphedwa powaganizira kuti akufalitsa kolera. Apolisi atagwira anthu ambiri n'kuwatsekera m'kachipinda kamodzi, anthu oposa 10 anafera momwemo chifukwa chosowa mpweya. Mu April 2024, boti la asodzi limene linanyamula anthu mopitirira muyezo kuchokera ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique linamira, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a boma ananena kuti anthuwo ankathawa chifukwa cha mphekesera za kolera.

Taganizani bwino, abale. Nyumba ikamapsa, anthu amene mumawaona pamalopo ndi onyamula ndowa za madzi. Kodi tinganene kuti iwowo ndiwo ayatsa motowo chifukwa choti tawapeza pomwepo? Kolorini sangabereke kolera, monga mmene sopo sangaberekere nsabwe.

Ena amadandaula za fungo, ndipo dandaulo limeneli ndi loona. Madzi othira mankhwala amamveka mosiyana ndi madzi a pachitsime amene tinazolowera. Koma kafungo pang'ono ndi umboni woti mankhwala akadalimo ndipo akulondera madziwo m'chigubu. Ngati fungolo ndi loboola m'mphuno, ndiye kuti muyezo wapitirira, ndipo muli ndi ufulu wokafunsa amene anakupatsani. Madzi akakhala a matope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire mankhwala, chifukwa matope amamaliza mphamvu ya kolorini asanaphe tizilombo. Pa madzi oyera, muyezo wa Certeza ndi wa WaterGuard ndi chitsekerero chimodzi cha botololo pa malita 20. Khutchumulani, vundikirani, dikirani mphindi 30. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Enanso amati kolorini amaletsa kubereka. Anthu a m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi akhala akumwa madzi othira kolorini kwa zaka zoposa 100, ndipo a ku Maputo, Nampula, Blantyre ndi Lilongwe akumwa omwewo m'mipope yawo, koma ana akubadwa tsiku ndi tsiku.

Nawonso akuluakulu amve

Sitikufuna kuloza chala anthu a kumudzi okha. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa pa Universidade Eduardo Mondlane, malemu Carlos Serra, anafufuza za zipolowe za kolera ku Nampula ndipo analemba buku lotchedwa Cólera e catarse, limene linatuluka m'chaka cha 2003. Iye anapeza kuti gwero la mkwiyowo silinali umbuli chabe. Anthu osauka ankaona kuti boma lili kutali nawo, silimva madandaulo awo, ndipo limangotulukira pa nthawi ya mliri. Munthu amene mjigo wa m'mudzi mwake unaonongeka kalekale popanda wobwera kudzaukonza, n'kuona galimoto yafika ndi alendo amene akuthira ufa m'chitsime osalankhula ndi aliyense, sitingadabwe akakayikira.

Choncho kwa a zaumoyo, mabungwe ndi alangizi a m'midzi, amene kuno timawatcha ma APE ndipo ku Malawi amati ma HSA, pempho lathu ndi ili. Musalowe m'mudzi osadzera kwa amfumu, ashehe ndi abusa. Sungunulani mankhwala anthu akuona, fotokozani muyezo wake m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakhuwa, ndipo mphindi 30 zikatha yambani ndinu kumwa madziwo pamaso pa onse. Mukamagawa kolorini wosungunula kale, nenani momveka kuti ameneyo si wakumwa mmene alilimo, koma wothira pang'ono m'chigubu, ndipo onetsani muyezo wake ndi chinthu chimene banja lililonse lili nacho. Lembani pa botolo lililonse dzina la mankhwala ndi tsiku limene asungunulidwa, pakuti kolorini wosungunula amatha mphamvu akakhalitsa kapena akakhala padzuwa. Ndowa za pa msasa wa kolera zilembedwe zizindikiro zosiyana kuti wodikirira matenda asatunge madzi okolopera n'kumwetsa wodwala. Ndipo muzibweranso m'chilimwe, kolera kulibe, kudzaona mijigo ndi zimbudzi, kuti anthu akudziweni nkhope mvula isanagwe.

Kwa mafumu, inu ndinu amene anthu amakumverani. Mphekesera ikayamba, itanani msonkhano, itananinso mlangizi wa zaumoyo, anthu afunse mafunso awo onse poyera. Mlangizi ameneyo ndi mwana wa m'dera lomwelo, ndipo ana ake amamwa pa chitsime chomwecho. Mutu umodzi susenza denga.

Tiyeni tisamale

Omvera athu, mvula ikamayandikira, banja lililonse lichite zinthu zitatu. Likhale ndi botolo la mankhwala a madzi akumwa lokhala ndi dzina ndi muyezo wake. Liike botololo pamwamba, pa mthunzi, pamene mwana sangafikire. Ndipo aliyense m'nyumbamo, kuyambira agogo mpaka mwana wa sukulu, adziwe kuti mankhwala akagwera m'diso choyamba ndi madzi oyera kwa mphindi 15 mpaka 20, chipatala pambuyo pake.

Wina akakupatsani ufa kapena madzi n'kunena kuti ndi kolorini, musathawe ndipo musangolandira. Mufunseni kuti ndi wa ntchito yanji, athiridwe wochuluka bwanji, m'madzi ochuluka bwanji, ndipo mudikire nthawi yaitali bwanji. Munthu wodziwa ntchito yake adzakuyankhani mosanyinyirika. Ngati sakutha kuyankha, pitani nawo mankhwalawo kuchipatala chapafupi mukafunse.

Mukamaliza kuwerenga kalatayi musayatsire moto. Patsirani mnansi wanu, ndipo muwawerengere amene satha kuwerenga. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi kudzera m'magulu a omvera a m'dera lanu, ndipo tidzawayankha pa pologalamu ya zaumoyo. Kupewa kumaposa kuchiza.